Chipewa ndi Chigoba: Thupi la Mwamuna m'Zithunzi za Samson Kambalu

Aliyense amene anachezako m'midzi yoyandikana ndi doko la Kachulu, kuno kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa, akuchidziŵa chithunzi chimene chimapachikika pakhoma m'nyumba zambiri. Mnyamata waima chiriri atavala jekete ndi chipewa, dzanja lina lili pa wailesi, mkono wautambasula kuti wochi ioneke. Ambiri anajambulitsa motere ali ku migodi ya ku Joni, ndipo nthaŵi zina jeketeyo inali yobwereka. Komabe sitinganene kuti chithunzicho n'chonama. Mnyamatayo sanali kuŵerenga chuma chake, koma anali kuuza mai ake kumudzi kuti tsopano ndi mwamuna.

Tayambira pamenepa chifukwa funso la mnyamata uja ndi lomwenso likupezeka m'ntchito za Samson Kambalu: kodi munthu akaimika thupi lake patsogolo pa kamera, amadziulula kapena amadzibisa?

Mmisiri ndi ntchito yake

Kambalu anabadwa m'chaka cha 1975. Anaphunzira ku Kamuzu Academy, kenaka ku Chancellor College ku Zomba kuno, asanapite ku Mangalande, kumene anadzakhala mphunzitsi wa zaluso pa yunivesite ya Oxford. Mbiri ya ubwana wake anailemba m'buku lotchedwa The Jive Talker, la m'chaka cha 2008. Ambiri mwa ife tinayamba kumumva ndi mpira uja anaumata masamba a Baibulo m'chaka cha 2000. Sitibisa kuti ntchito imeneyo imatipweteka mtima, koma sindiyo tikuiweruza lero.

Tikunena za timakanema take timene iye amatitcha Nyau Cinema, timene tinaonetsedwanso pa chionetsero chachikulu cha ku Venice m'chaka cha 2015. Kakanema kalikonse n'kakafupi, sikapitirira mphindi imodzi, ndipo kamaoneka kofiirira ngati chithunzi chakale chosungidwa m'sutikesi. Wojambulidwa ndi mwini wake. Amaoneka pamsewu kapena pabwalo la mzinda wachilendo, kaŵirikaŵiri atavala chipewa ndi jekete, nachita kanthu kamodzi kopanda phindu: kulumpha, kuthamanga osafika, kuyenda chambuyo. Kanthuko kamangobwerezabwereza popanda mathero.

Chimene tikuchiyamikira

Kwa Azungu ambiri, mmisiri wodzijambula yekha amakhala ngati munthu wolapa, wovula zonse kuti tione mabala ake. Kambalu watsata njira ina, ndipo waitenga kudambwe. M'Gule Wamkulu mwamuna amavina thupi lili pamtunda, lopakidwa dothi kapena phulusa, koma dzina lake latsala kutali. Aliyense akuona minofu ndi thukuta, komabe palibe wololedwa kunena kuti uyu ndi uje. Thupi likaonekera kwambiri, mwini thupi amazimirira.

Ndi zomwezo zimachitika m'timakanemati. Nkhope ya Kambalu ili poyera, koma chipewa, jekete ndi mtundu wakale wa chithunzi zasanduka chigoba chake. Sitikuona mphunzitsi wa ku Oxford ai. Tikuona mtchona aliyense amene anaimapo pamsewu wa eni ake osadziŵa koloŵera. Samuel Fosso, amene anayamba kudzijambula ku Bangui m'chaka cha 1975 ndi filimu yotsala ya makasitomala ake kuti azitumizira agogo ake ku Nigeria, anadzafikanso pa nzeru yomweyi, nayamba kuvala nkhope za anthu ena otchuka.

Pali phunziro la umuna pamenepa. Mnyamata wa pakhoma uja anaonetsa umuna wake ndi zimene wapata. Kambalu akuonetsa mwamuna wamkulu akuseŵera, akutaya mphamvu ndi nthaŵi kwaulere, osaopa kusekedwa. M'maphunziro ake apamwamba iye analemba za mphatso, ndipo apa tikuona tanthauzo lake: thupi limene silikugulitsidwa kumgodi kapena kuesiteti, koma likuperekedwa chabe.

Chimene chikusoŵa

Tsono tinene mosapsatira. Gule si chirombo chokha. Pamafunika bwalo, ng'oma, mfumu, ndiponso amai oimba ndi kuomba m'manja, pakuti popanda iwo chirombo chilibe wochiyankha. Pamafunikanso chifukwa: maliro, chinamwali, kulonga ufumu. Mwamuna wa m'chigoba amataya dzina lake kuti mudzi ukumane ndi makolo ake.

Wovina wa Kambalu ali yekha. Palibe womuimbira, palibe maliro amene akuperekeza, ndipo oonerera ake ndi alendo oyenda mwakachetechete m'nyumba za zionetsero. Tikuopa kuti ambiri mwa iwo amangoona munthu wakuda wa chipewa wochita zoseketsa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sangasenze dambwe lonse.

Mwina wina atiyankha kuti kusungulumwa kumeneko ndiye choonadi cha ntchitoyi, popeza mtchona amavinadi popanda ng'oma. Tikuvomera. Koma ngati zili choncho, titchule zinthu ndi maina ake: iyi ndi mbiri ya munthu amene gule anamtsalira m'miyendo, mudzi utatsala kutsidya kwa nyanja.

Chipewa cha Chilembwe

N'chifukwa chake tikuganiza kuti Kambalu anafika pachimake pamene anachotsa thupi lake naika la wina. Kuyambira mu September 2022 mpaka m'chaka cha 2024, pa Trafalgar Square ku London panaima chosema chake chotchedwa Antelope, dzina lokumbutsa Kasiyamaliro wa kudambwe. Anachitenga pa chithunzi cha m'chaka cha 1914, chojambulidwa pa tchalitchi cha John Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chilembwe waima pamodzi ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, m'masiku amene Mwafirika anayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu. Kambalu anakulitsa Chilembwe kuposa mnzakeyo.

Apa chipewa chaleka kukhala chokongoletsa. Chikunena za thangata, za amuna amene anasandutsidwa ana m'dziko lao lomwe, ndi za imfa imene inadza m'chaka cha 1915. Apa pali akufa oyenera kuwaperekeza, ndipo pali mtundu wa anthu wotha kuyankha nyimbo. Tikabwerera ku timakanema tija titaona chosemachi, chipewa cha Kambalu mwini chimalemera kuposa kale.

Kwa ife ovala mkanjo

Abale athu ansembe ndi inu mukukonzekera unsembe, nkhaniyi isatipitirire. Nafenso tili ndi chithunzi pakhoma la makolo athu, cha tsiku lodzozedwa, ndipo anthu amachiŵerenga monga amaŵerengera cha mnyamata wa ku Joni: mwana wathu wapata. Ku Mua, kumene kale amishoni ndi anyau analimbana koopsa, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, natiphunzitsa kuyang'ana chigoba tisanachiweruze. Tikachiyang'ana bwino chimatifunsa ngati mkanjo wathu umatibisa kuti Wina aoneke, kapena umangotikuza. Chimatifunsanso ngati tikali ndi mudzi wotiyankha. Wansembe amene wataya anthu ake amatsala ngati wovina wa m'kakanema kaja, wobwereza mwambo womwewo tsiku ndi tsiku pabwalo lopanda ng'oma.