Chikhomo chisanabwere duwa

Wolowa m'nyumba zakale zakumidzi ku England, monga Haddon Hall ku Derbyshire, maso ake amathamangira pa masamba ndi maluwa osemedwa pa mabokosi ndi mipando ya mtengo wa oak. Ine anga amatsikira m'makona. Amisiri a zaka za m'ma 1500 ankaboola mwendo, kulowetsamo lilime la thabwa linzake, n'kukhomerapo chikhomo chamtengo. Thabwa lapakati ankalisiya lomasuka m'ngalande kuti chinyezi chikabwera lifufume, kukauma libwerere, osang'aluka. 

Nzeru imeneyi ndimaionanso ku Gaborone, kwa Peter Mabeo. Mu 2006 iye anakaonetsa ku New York katundu amene anapanga ndi Patty Johnson wa ku Canada, ndipo mpando wawo wotchuka ndi Maun Windsor. Dzina lakuti Windsor ndi la Angerezi, koma zokometsera zonse anazichotsa, kutsala timitengo ta kumsana ndi pokhalira. Pa mpando wotere mmisiri alibe pobisala: bowo likapendekeka pang'ono, ngakhale mwana aona. Pofika 2021, pamene kampani ya Fendi inaonetsa ntchito zake zotchedwa Kompa ku Miami, Mabeo anali akuphatikiza mtengo wa panga panga ndi dongo, chitsulo ndi zoluka. Kunena zoona, zina mwa izo n'zoti uziyang'ane, osati ukhalepo, ndipo pamenepo mtima wanga umabwerera kwa Maun Windsor.

Kwathu manja alipo. Amene anaona zosema za ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, sangatsutse. Chimandiwawa ndi mpando wa amfumu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, uja wa matabwa awiri olowetsana. Maganizo ake ndi anzeru zedi: palibe msomali, palibe guluu. Koma wosema amadzaza njovu, mkango ndi mlambe pamsana ponse, pa mlombwa wosauma bwino, n'kupaka polishi wa nsapato mpaka mizere ya mtengo kuzimiririka. Bowo lolowetsa thabwa, lomwe lanyamula munthu yense, amaliboola mothamanga dzuwa likulowa.

Wanga unang'aluka chilimwe chachiwiri, mng'alu unayambira pabowo pomwepo n'kukwera kudutsa pa chitamba cha njovu.