Yohanna Abdallah ndi Buku Lace la Mbiri ya Ayao

Mtundu uli wonse uli ndi mbiri yace, koma si mitundu yonse imene inapeza mwana wace woilemba. M'dziko la Moldavia, kumene anthu amalankhula Ciromania, munali mkulu wina dzina lace Grigore Ureche. Iyeyu analemba mbiri ya mafumu a kwao kuyambira caka ca 1359 kufikira 1594, ndipo anailemba m'cinenero ca anthu wamba pamene ophunzira anazolowera Cisilavo. Miron Costin, amene anaphedwa mu 1691, anapitiriza nchitoyo. Ayao naonso ali naye mlembi wotere, ndiye Yohanna Barnaba Abdallah.

Atate wace wa Abdallah anali mfumu kumwera kwa dziko limene lero lichedwa Tanzania. Anaphunzira ku Kiungani pa cisumbu ca Zanzibar, m'sukulu ya mishoni ya U.M.C.A. Anadzozedwa unsembe mu 1898, natumikira zaka zambiri ku Unangu, kum'mawa kwa nyanja, m'dziko la Mozambique, kufikira imfa yace mu 1924. Kumeneko anali kukhala pansi ndi nkhalamba, namva za makolo. Buku lace, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Dotolo Meredith Sanderson analikonza nalimasulira m'Cingerezi, ndipo linasindikizidwanso ku London mu 1973.

Bukuli liyenera kukondweretsa anthu a ku Machinga ndi ku Balaka, pakuti lifotokoza ciyambi ca dzina lao. Linena kuti Ayao onse anacokera ku phiri lochedwa Yao, nabalalika m'magulu, gulu liri lonse nkutenga dzina la malo amene linakakhalako. Amachinga anakhala ku mapiri a Mandimba, ndipo dzina lao licokera ku liu lakuti licinga, ndiko kuti mtandadza wa mapiri. Bukuli lisimbanso za Achisi, osula zitsulo, amene malonda ao a makasu anatsegula njira ya ku gombe la Kilwa, ndiponso za nkhondo ya Alolo imene inasuntha anthu m'midzi yao.

Ubwino waukuru wa bukuli ndi uwu: mlembi analemba m'Ciyao, monga munthu wa m'kati. Azungu ambiri a masiku amenewo anali kuchula Ayao makamaka pa nkhani ya ukapolo, koma iye anaonetsa anthu olima, osula, oyenda maulendo ndi oweruza milandu. Ngakhale anali wansembe, sanacepse mafumu amene sanali a mpingo wace. Sanabisenso nkhanza zao. Posimba za Mataka wa ku Mwembe, aonetsa ulemerero wa mudzi wace pamodzi ndi misozi ya anthu ogwidwa.

Komabe wowerenga wanzeru adzaona zosowa zitatu. Coyamba, zaka sizichulidwa kawirikawiri, popeza nkhalamba ziwerenga nthawi ndi njala, nkhondo ndi maina a mafumu. Caciwiri, masiku akale a ku phiri la Yao awasimba ngati nthawi ya mtendere wokhawokha, monga acitira munthu wokumbukira kwao. Cacitatu, masamba ambiri ali pa Mataka ndi Makanjila. Munthu wofuna kudziwa bwino za Kawinga, amene linga lace pa phiri la Chikala linagwa m'manja mwa Angerezi mu 1895, kapena za Liwonde, Kalembo ndi Nsamala, sadzakhuta nalo. Mau a Amang'anja ndi Anyanja, amene Ayao anawapeza m'mbali mwa Shire, samvekanso m'menemo.

Zosowazi sizicotsa ulemu wa mlembi. Iye analemba zimene anamva kumene anali, ndipo akadapanda kutero zambiri zikadalowa m'manda pamodzi ndi eni ace. Monga Costin anayambira pamene Ureche analekera, momwemonso buku la Abdallah lifuna wolipitiriza. Nkhalamba zodziwa mayendedwe a makolo zikali m'midzi ya ku Ntaja, ku Liwonde ndi ku Ulongwe, koma zicepa caka ndi caka. Munthu amene waphunzira kugwira colembera, ngakhale atakula kale, akhoza kukhala pansi ndi agogo ace, nafunsa kumene pfuko lao linacokera, mitsinje imene linaoloka, ndi amene linawapeza, nalemba zonse mosakometsa.