Mphete pa thunthu la paini

Amene amachotsa mitengo yachilendo pa phiri la Mulanje sathamangira kusolola chikwanje. Amayamba adziwa pamene mtengowo umasunga moyo wake.

Paini wa ku Chambe, dera lina la phirili, amene akatswiri amamutcha Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico. Anabzalidwa paphiripo nthawi ya atsamunda, koma sanakhale pamene anamuika. Njere yake ili ndi kaphiko kopyapyala, ndipo mphepo ikaiuluza imakamera patali, n'kukula mothamanga mpaka kuphimba mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachibadwa umapezeka pa phiri lokhali.

Kapaini kofika m'bondo sikafuna chitsulo. Mvula ikafewetsa nthaka, wozula amawerama, kugwira m'tsinde penipeni, n'kukoka pang'onopang'ono mpaka muzu utuluke wathunthu. Amakung'untha dothi kuti libwerere pamalo pake, n'kukagoneka kambandeko mizu ili m'mwamba kuti dzuwa limalize ntchito. Wokulirapo amaudula ndi macheka pansi pa nthambi yoyambirira. Painiyu akangosowa tsamba lobiriwira, chitsa chake sichiphukanso; koma ukasiya kanthambi kamodzi kamoyo, kamadzuka n'kusanduka mutu watsopano.

Chimene chimandigwira mtima ndi mphete. Chimtengo chachikulu chikaima pakati pa mitengo yachilengedwe, kuchigwetsa n'kuthyola zomwe ukufuna kupulumutsa. Choncho amatema mzere kuzungulira thunthu, kutemanso wina m'munsi mwake, n'kusenda khungwa la pakati mpaka thupi loyera la mtengo lionekere. Kenako amapala kachikopa koterera kamene kamatsalira, chifukwa ndi kameneko kamene kamapoletsa bala. Pansi pa khungwa m'pamene chakudya chopangidwa m'masamba chimatsikira ku mizu. Njirayo ikaduka, madzi amakwerabe, masamba amaonekabe athanzi kwa miyezi yambiri, koma mizu ikufa ndi njala. Mtengo umauma chiimire, masamba n'kumayoyoka pang'onopang'ono, ndipo kuwala kumafika pansi mosadzidzimutsa timitengo tanthete. Pa ntchitoyi utomoni umamata zala tsiku lonse.

Nkandankhuku wachilendo wochokera ku Himalaya, wa zipatso zachikasu, ndi nkhani ina. Ukangomusadza umakhala ngati wamudulira: amaphukanso mwaukali. Pamafunika khasu, kukumba mozungulira mpaka chitsa chituluke ndi mizu yake, minga ikukanda mikono. Mbalame nazo zimadya zipatsozo n'kufesa njere ponseponse, motero mvula yotsatira ikagwa, anthu omwewo amakweranso phiri kukawerama pamalo omwe aja.