Loya wobisa dzina ndi fayilo yofika m'mawa

Bukuli ndinalipeza m'katoni. Abwana a panyumba ina yomwe ndimasamalira ku Kommetjie ankataya mabuku akale, ine n'kutolapo limodzi lotchedwa The Secret Barrister: Stories of the Law and How It's Broken, lomwe linatuluka ku Britain mu 2018. Ndinaliwerenga milungu itatu, pang'ono m'minibasi ya pa Kommetjie Road pobwerera ku Masiphumelele, kwinako usiku mphepo ya kumwera ikugwedeza malata. Mlembi wake sanaulule dzina, ngakhale kunena ngati ndi mwamuna kapena mkazi. M'Chingerezi zimenezi zimavutitsa omulemba, koma ife a Chichewa timangoti "iye" basi, nkhani n'kupitirira.

Mlembiyu ndi loya wa milandu yaupandu ku England, wa gulu lomwe kumeneko amati barrister. Amadzitcha "junior", koma mawuwa asatipusitse: sakutanthauza mwana pantchito, akungotanthauza loya yemwe sanapatsidwe ulemu wa QC, womwe lero ndi KC, wofanana ndi SC wa ku Malawi ndi kuno ku South Africa. Chodabwitsa kwa ife n'chakuti loya yemweyo lero akhoza kuimira boma, mawa n'kuimira woganiziridwa. Salembedwa ntchito ndi boma. Ofesi yozenga milandu ya Crown Prosecution Service imangomupatsa ganyu.

Mbali yomwe inandigwira mtima ndi ya masiku oyamba pantchito. Wophunzira ulowa wa mtunduwu amakhala chaka chimodzi pansi pa loya wamkulu. Miyezi 6 yoyamba amangoonerera, miyezi 6 yotsatira amayamba kuimirira yekha, kawirikawiri m'khoti la majisitireti, komwe kumathera milandu yoposa 90 mwa 100 iliyonse. Mlembi akufotokoza mmene woimira boma wachinyamata amalandirira mulu wa mafayilo m'mawa womwewo, ena osakwanira, ena opanda chikalata cha mboni, kenaka n'kuima pamaso pa oweruza ngati kuti wawawerenga onse. Oweruzawonso nthawi zambiri si maloya. Ndi anthu wamba odzipereka, osalipidwa, okhala atatuatatu, mlangizi wa malamulo ali pambali. Apa mlembi amalemba moseketsa, ndipo amadziseka yekha kuposa mmene amasekera ena. Ndi chifukwa chake ndinamukhulupirira.

Kusekako kumatha akafika pa nkhani ya mtsikana yemwe ankamenyedwa ndi chibwenzi chake. Mlandu unagwa, osati chifukwa womenyayo analibe mlandu, koma chifukwa umboni wofunika sunafike kukhoti panthawi yake. Palibe chigawenga cha m'ofesi chomwe mlembi akutilozera. Akutionetsa antchito ochepa, mafayilo ochuluka, ndi ndalama zomwe boma la Britain linadula kuyambira 2010. Mutu umenewu ndi wolembedwa bwino kuposa yonse, chifukwa mlembi sakubisa kuti iye mwini ndiye anaima m'khoti tsikulo m'dzina la boma lomwe linalephera.

Ndikuudziwa mpando wa mboni, ngakhale kuti si wa ku England. Chaka china ndinaperekeza mlamu wanga kukhoti lina atamubera ndi kumuvulaza. Tinapita katatu. Ulendo woyamba panalibe womasulira Chichewa, wachiwiri doketi ya apolisi inali isanafike. Woimira boma anali mtsikana wamng'ono, mafayilo atawakumbatira pachifuwa ngati mwana. Pakhonde anafunsa mlamu wanga dzina kawiri. Tsiku limenelo ndinakwiya naye. Nditawerenga bukuli ndinayamba kuganiza kuti mwina doketiyo anaiona koyamba m'mawa womwewo, pamodzi ndi ena makumi angapo. Ulendo wachitatu mlamu anati, "Alamu, ndikajombanso kuntchito andichotsa." Sanapitenso ulendo wachinayi.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi mlembi. Iye amalemba ngati munthu wolira nyumba yabwino yomwe yayamba kudontha: kwa iye dongosolo la makhoti a ku England linali lolimba, lawonongeka ndi kuumira kwa andale, ndipo ndalama zikabwerera zambiri zidzakonzeka. Mwina kwawoko n'zoona. Koma dongosolo lomwelo linabwera kwathu ndi atsamunda, ndipo kwa ambiri a ife denga lake silinafolereredwepo. Ku Malawi milandu yambiri ya m'makhoti a majisitireti amazenga ndi apolisi, osati maloya, ndipo woganiziridwa nthawi zambiri amaima yekha. Kuno oimira boma ndi antchito a National Prosecuting Authority, yomwe inakhazikitsidwa mu 1998, ndipo gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa woimbidwa mlandu ufulu womasuliridwa zonse m'chiyankhulo chomwe amamva. Papepala n'zokoma. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mboni imatopa, imasamuka, foni yake imabedwa. Moto wa mu December 2020 unapsereza nyumba zoposa 1,000 ku Masiphumelele. Samani yopita ku adiresi ya nyumba ngati imeneyo ikampeza ndani?

Sindikumuimba mlandu mlembi chifukwa chosalemba za Masiphumelele, sanalonjeze zimenezo. Chomwe ndikudandaula n'chakuti ngakhale kwawo komweko, anthu a m'bukuli timawaona ndi maso a loya okha. Amalowa m'nkhani kuti atsimikize mfundo, ikatsimikizika amatuluka. Sitiwatsatira kunyumba. Mayina ndi zina zowazindikiritsa anazisintha, zomwe n'zomveka, koma ukaphatikiza ndi kubisala kwa mlembi, wowerenga alibe potsimikizira nkhanizo kupatula ziwerengero za boma zomwe waikamo. Masamba a mbiri yakale ya malamulo a ku England ndi otalika. Ena ndinawadumpha, ndikuvomera. Ndipo akafika pofunsa ngati njira yolimbanitsa maloya awiri pamaso pa woweruza ndiyo yabwino yopezera choonadi, amaunika bwino njira ina yomwe woweruza amafufuza yekha, kenaka n'kubwerera kukakhala kumbali ya njira yomwe imamudyetsa. Zifukwa zake ndi zomveka, koma ndinaona mathero ake adakali patali.

Bukuli litatuluka, maloya a ku England anasonkha ndalama n'kutumiza kope kwa phungu aliyense wa nyumba ya malamulo. Langa ndinabwereka mwana wa mnansi wanga yemwe akuphunzira malamulo ndipo akuti akufuna kudzakhala woimira boma. Ndinapinda tsamba pomwe payambira mutu wa mtsikana uja. Papita miyezi iwiri, sanabweze.