Mpulumutsi Wopanda Womufunsa: Maganizo Anga pa Buku la Watchmen

Nkhani zambiri za anthu amphamvu zodabwitsa zimatha ngati nthano za agogo: chilombo chabwera, ngwazi yachigonjetsa, mudzi wagona mwamtendere. Buku la zithunzi la Watchmen, lomwe analemba Alan Moore ndi kujambula Dave Gibbons, silipatsa wowerenga tulo totere. Linatuluka m'zigawo 12 m'zaka za 1986 ndi 1987, ndipo mu 2005 magazini ya Time inaliika pamndandanda wa mabuku 100 opambana a Chingerezi. Kwa ine, kulemera kwake kwagona pafunso limodzi: kodi munthu amene palibe angamufunse mlandu angakhalebe munthu wabwino?

Nkhaniyi ikuchitika ku America m'chaka cha 1985 chongopeka, momwe Richard Nixon adakali mtsogoleri ndipo dzikolo latsala pang'ono kuponyerana mabomba a nyukiliya ndi Soviet Union. Mwa ngwazi zonse za m'bukuli, mmodzi yekha ndiye ali ndi mphamvu zoposa za munthu. Iyeyu ndi Jon Osterman, katswiri wa sayansi yemwe thupi lake linaphwasuka pangozi ya mu 1959, nabweranso ngati Dr Manhattan. Amatha kusungunula chitsulo ndi maganizo okha, ndipo amaona dzulo, lero ndi mawa nthawi imodzi.

Wina angaganize kuti munthu wotere ndiye adzathetsa mavuto a dziko. Koma Moore akutionetsa kuti mphamvuzo zamuchotsa pakati pa anzake. Pankhondo ya ku Vietnam, Dr Manhattan akuimirira chabe pamene mnzake wotchedwa Comedian akuwombera mayi woyembekezera. Akadafuna, mfutiyo ikadasanduka nthunzi. Sanachite kanthu. Sikuti ndi wankhanza ayi, koma imfa ya munthu yasiya kumukhudza. Akuluakulu anati kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo apa tikuona kuti ngakhale wofanana ndi mulungu akakhala yekha umunthu umamuthera.

Komatu wopha anthu ochuluka m'bukuli alibe mphamvu zodabwitsa. Adrian Veidt ndi munthu wanzeru, wachuma, wodziwika ndi ntchito zachifundo. Iye akupanga chilombo chooneka ngati chachokera kumlengalenga, nachiponya mumzinda wa New York, n'kupha anthu pafupifupi 3 miliyoni. Cholinga chake n'chakuti mayiko awiri odanawo aope mdani mmodzi, agwirizane. Chopweteka n'chakuti ndondomekoyi ikuoneka kuti yatheka, pakuti nkhondo yapewedwa.

Apa ndi pomwe bukuli limandisowetsa mtendere. Monga wogwira ntchito m'boma, ndimadziwa momwe anthu amasandukira manambala papepala, ndi momwe mawu oti "ubwino wa ambiri" amatsekera pakamwa aliyense wofuna kufunsa. Masamu a Veidt akhoza kukhala olondola, koma anthu 3 miliyoni aja palibe anawafunsa. Iye yekha anadula mlandu, yekha anasankha nsembe, ndipo nsembeyo sinali iyeyo.

Ngwazi zina zitadziwa zoona zikuvomera kukhala chete, poopa kuti kuulula kungabwezeretse nkhondo. Wokana ndi mmodzi, Rorschach, ndipo Dr Manhattan akumupha pachipale cha ku Antarctica. Luso la Moore lili poti sanatipatse woyera mtima kuti aimire choonadi. Rorschach ndi munthu waukali, wothyola anthu zala powafunsa mafunso, wonyansidwa ndi aliyense wosiyana naye. Owerenga ena amamutenga ngati ngwazi yeniyeni ya bukuli, koma ine ndikuti akulakwitsa. Iyenso ndi woweruza wopanda womufunsa. Kusiyana kwake ndi Veidt n'kwakuti dzanja lake ndi lalifupi.

Pali pomwe bukuli likufooka. Laurie, ngwazi yachikazi yodziwika kwambiri m'nkhaniyi, nthawi zambiri akugwiritsidwa ntchito pongofewetsa mitima ya amuna, ndipo maganizo ake pa zimene Veidt wachita sakupatsidwa malo okwanira. Kanema wa Zack Snyder wa mu 2009 nayenso anasintha mathero, nachititsa kuti dziko liloze chala Dr Manhattan. Kusinthaku kukufupikitsa nkhani, koma kukuphimba kupusa kwa bodza la chilombo lomwe mtenderewo watsamirapo.

Pomaliza penipeni, buku la zolemba za Rorschach, lomwe likutchula dzina la Veidt, lili pamulu wa makalata muofesi ya kanyuzipepala kena, ndipo mnyamata wantchito akutambasula dzanja kuti asankhepo chosindikiza. Moore sakutiuza chomwe adzatenge. Mlandu womwe amphamvu onse anauweruza okha watsalira m'manja mwa munthu wamba, ndipo ndikhulupirira kuti kumeneko ndiye kunali kwake kuyambira pachiyambi.