Porgy and Bess: Maliro a Amphawi pa Mbale ya Galamafoni

Pali sewero loimbidwa, la mtundu umene Azungu amautcha opera, limene lakhala likuutsa mikangano kuyambira chaka cha 1935. Dzina lake ndi Porgy and Bess. Nkhani yake ndi ya anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo, okhala mothithikana pafupi ndi doko la Charleston. Koma mlembi wa nkhaniyo, DuBose Heyward, anali mzungu, ndipo wopeka nyimbo zake, George Gershwin, anali mwana wa Ayuda ochokera ku Russia. Nchifukwa chake anthu akufunsabe ngati mlendo angathe kulira maliro a eni mudzi popanda kuwanamizira.

Porgy ndi wopemphapempha wolumala miyendo, woyenda pa kangolo kokokedwa ndi mbuzi. Bess ndi mkazi wa mbiri yoipa, amene mwamuna wake Crown amapha munthu pa juga nathawa. Onse amamtsekera Bess zitseko. Porgy yekha ndiye amamlandira. Pamapeto, Porgy ali m'manja mwa apolisi, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, Sportin' Life, amamnyengerera Bess napita naye ku New York, ndipo Porgy amanyamuka pa kangolo kake kukamfuna. Ife a kuno ku Ntcheu, amene agogo athu ambiri adapita ku Joni pa Wenela, ena osabwerako, tikuudziwa mzinda wotere umene umameza anthu.

Komabe mtima wa sewerolo suli pa awiriwa ayi. Uli pa maliro a Robbins, munthu wophedwa pa juga uja. Mtembo wagona m'nyumba, pachifuwa pake aikapo mbale, ndipo anansi akulowa mmodzimmodzi, akuimba, kuponyamo timakobiri tawo. Ndalama zikapanda kukwana, aboma atenga mtembowo kukaupereka kwa ophunzira udokotala. Mkhristu wa mu mphakati uliwonse wa ku Nzama kapena ku Nsipe, amene adagonapo m'siwa naona mbale ya chipepeso ikuzungulira, angamvetse zimenezi ngakhale sadziwa Chingerezi. Woyambitsa nyimbo ndi mmodzi, ena onse amavomera, monga momwe timachitira kwathu kuno. Pambuyo pake, namondwe atawomba asodzi ali panyanja, anthu amasonkhana m'chipinda chimodzi, ndipo asanu ndi mmodzi amapemphera nthawi imodzi, aliyense ndi mawu ake ndi mayimbidwe ake. Gershwin sadazitole m'mabuku zimenezi. M'chaka cha 1934 adakakhala milungu ingapo pa chilumba cha Folly, namapita ku mapemphero a anthu a mtundu wa Gullah. Tionjezepo kanthu kena: m'sewero lonse anthu akuda amaimba, pamene azungu, monga apolisi, amangoyankhula. Nyimbo adaisiyira eni mudzi.

Tsono mbiri ya kajambulidwe kake pa mbale za galamafoni ndiyo imatiphunzitsa zambiri. Sewerolo lidayamba ku Boston pa 30 Seputembala 1935, Todd Duncan ndi Anne Brown akuimba mbali zazikulu, kwaya ikutsogoleredwa ndi mayi wakuda, Eva Jessye. Koma kampani ya Victor itafuna kujambula nyimbozo chaka chomwecho, idaitana oimba achizungu, Lawrence Tibbett ndi Helen Jepson. Duncan ndi Brown adadikira mpaka 1940, Gershwin atamwalira kale mu 1937, kuti kampani ya Decca iwajambule. Mbale za masiku amenewo zinkatenga mphindi zinayi zokha mbali imodzi, choncho ankasankha nyimbo zotchuka zokha. Mu 1942 sewerolo lidabwereranso ku New York litadulidwa kwambiri, zambiri zoimbidwa zitasandulika zoyankhula. Nyimbo zimene zidayenda dziko lonse ndi ya kuchedza mwana, za chikondi, ndi ija Sportin' Life amanyoza nayo nkhani za m'Baibulo, za Davide ndi Goliyati ndi za Yona. M'sewero, mayi wopemphera Serena amamdzudzula pomwepo. Pa mbale wonyozayo amatsala yekha wopanda womuyankha.

Mu 1976, patapita zaka 41, mpamene sewero lonse lidamveka pa mbale popanda kudula, Lorin Maazel akutsogolera oimba a ku Cleveland, Willard White wa ku Jamaica akuimba Porgy. Likutenga maola atatu. Nyumba yaikulu ya opera ya Metropolitan ku New York idalilandira mu 1985.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sitiyenera kuipeputsa. Juga, mowa, mipeni ndi mankhwala nzimene azungu ankakonda kuona pa munthu wakuda, ndipo Heyward adawapatsa zomwezo. Harry Belafonte adakana kusewera Porgy mu kanema wa 1959 pa chifukwa chimenechi. Ifenso tili ndi dandaulo lathu: Porgy amapha Crown, mudzi wonse umabisira apolisi zoona, ndipo palibe pamene wina amalapa magaziwo. Makolo omvera pamodzi ndi ana awo asaleke kutchula zimenezi. Koma kwa ife, amene wamva sewero lonse sangatulukemo akunyoza anthu aja. Zodula ndizo zimawanamizira, chifukwa zimachotsa mudzi nkusiya ochimwa awiri atatu. Ndiponso oimba akuda sadali ongolamulidwa: mu 1936 Duncan ndi anzake adakana kuimba ku National Theatre ku Washington mpaka anthu akuda ataloledwa kukhala paliponse m'nyumbamo.

Kuno kummwera kwa Afirika kudachitika zofananako. Pa 2 Febuluwale 1959 ku Johannesburg kudayamba sewero la King Kong, lonena za katswiri wa nkhonya Ezekiel Dlamini, Miriam Makeba akuimba mbali ya mkazi wogulitsa mowa. Apa wopeka nyimbo anali mwini mudzi, Todd Matshikiza, ngakhale wolemba nkhani, Harry Bloom, anali mzungu. Kampani ya Gallo idajambula nyimbozo, koma popita nalo ku London mu 1961 adalikonzanso kuti likomere makutu a Angelezi. Matshikiza adasamukira ku Lusaka mu 1964, nagwira ntchito pa wailesi ya Zambia, kenaka yosonkhanitsa nyimbo za makolo, mpaka imfa yake mu 1968.

Makwaya a m'maparishi mwathu masiku ano akujambula nyimbo pafupifupi chaka chilichonse, ndipo tikuwayamikira. Koma tikamvetsera timamva mawu osalala a anyamata ndi atsikana osankhika, ndi kibodi. Nyimbo za usiku wa maliro, zimene amayi okalamba amayambitsa tambala asanalire, mpingo wonse nkuvomera, sitinazimve kawirikawiri pa zojambulazo.