Pomwe Mwala Ukumana ndi Unzake

Kuchokera pa bwalo lalikulu la mzinda wa Cusco, ku Peru, kukafika ku kachisi wakale wa Qorikancha ndi ulendo wa mphindi khumi zokha. Mtunda wake sukwana kilomita. Komabe kumeneko sathamanga, chifukwa mzindawu uli m'mapiri, mamita pafupifupi 3,400 pamwamba pa nyanja, ndipo mlendo akafulumira phuma limamuthera. Nkwabwino kutero, pakuti njirayi ili ndi zipupa zofuna munthu woyenda akuima.

Ulendo umayambira pa tchalitchi chachikulu cha Akatolika, chimene anachimanga zaka pafupifupi zana limodzi n'kuchimaliza mu 1654. Miyala yake yambiri anakaigumula ku Sacsayhuamán, linga la mafumu a Inca lomwe lili paphiri loyang'ana mzindawo. M'kati muli chithunzi cha Mgonero Womaliza chojambulidwa ndi Marcos Zapata, mwana wa dera lomwelo, ndipo m'mbale ya pakati pa tebulo muli kanyama komwe ambiri amati ndi mbira, ndiwo yaulemu ya anthu a m'mapiri a Andes. Mulinso Yesu wopachikidwa wakuda bii, amene eni dziko amamutchula Taytacha Temblores, Ambuye wa zivomezi. Anamunyamula poyera pa chivomezi cha 1650, ndipo mpaka lero amatuluka naye Lolemba la Sabata Yoyera. Zonsezi n'zoyenera kuona. Koma chondikoka mtima ine chili panja.

Pambali pa tchalitchi cha Ajezuiti, La Compañía, pali kanjira kopanikizika kotchedwa Loreto, kamene m'chinenero cha Quechua ndi Intik'ijllu, kanjira ka dzuwa. Mbali ina kuli chipupa cha Amarukancha, nyumba ya mfumu Huayna Capac. Mbali inayo kuli chipupa cha Acllahuasi, kumene kunkakhala akazi osankhidwa, oluka nsalu zapamwamba ndi kufulula mowa wa chimanga wa pa nsembe. Asipanishi atabwera, malowo anasanduka nyumba ya asisitere ya Santa Catalina.

Tayang'anani chipupacho. Miyala yake ndi yotuwa moderako, yoyalidwa m'mizere, koma siyofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Wina wautali, wina waufupi. Nkhope ya mwala uliwonse ndi yotukumuka pang'ono ngati tsaya, n'kumazama polowera m'mphepete, kotero kuti dzuwa likawomba chapambali mwala uliwonse umakhala ndi kamthunzi kakekake. Ndiye pali mzere womwe mwala umakumanirana ndi unzake. Apa ndipo pagona luso lonse. Mulibe simenti, mulibe matope omatira, mulibe timiyala totsekera mipata. Mwala wangogona pa mwala, gwa, ndipo pamalo ambiri ngakhale lumo silingalowe. Chipupa chonsecho chinapendekera m'kati pang'ono, ngati munthu amene watambasula miyendo kuti asagwe pomukankha.

Mmisiri aliyense womanga nyumba akudziwa ntchito ya matope kapena simenti: amabisa zolakwa. Njerwa ikakhota, amawonjezera pang'ono mbali imodzi, mzere n'kuwongoka. Amisiri a Inca pa zipupa zaulemuzi anadzimana chobisalira chimenecho. Ndipo analibe chitsulo, analibe ngolo, analibe ng'ombe zokoka katundu.

Nanga ankatani? Munthu wina wophunzitsa za mamangidwe, Jean-Pierre Protzen, sanakhutire ndi zongoganizira. M'zaka za m'ma 1980 anapita ku Rumiqolqa, mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku Cusco, kumene ankakumba mwala wolimba wa andesite womangira mzindawu. Anapezako miyala yobulungira ya kumtsinje, yosiyana kukula, itasiyidwa pakati pa zibenthu. Imeneyo ndiyo inali nyundo zawo. Iye anatola n'kuyesa yekha. Anaona kuti ukagwetsa mwala waukulu pa nkhope ya unzake n'kuuwakha ukamanjanja, umaphwanya pang'onopang'ono, ndipo nkhope imasalala msanga kuposa mmene munthu angaganizire. Kumphepete, kumene mwala umabenthuka mosavuta, pamafunika kamwala kakang'ono ndi dzanja lopepuka. Umboni wake uli pa zipupa za Loreto zomwezi: pakati pa mwala timaenje togogoda n'tokulirapo, koma tikamayandikira mphepete timacheperachepera mpaka kukhala ngati zipsera za singano. Aliyense amene anaonapo mayi akugogoda mphero kuti ikhale yakuthwa akuidziwa ntchito imeneyi.

Kusalaza nkhope kunali kochepa. Chovuta chinali kugoneka. Protzen anapeza kuti mwala wapansi ndiwo ankaugoba kuti ulandire wapamwamba, monga momwe chisa chimalandirira dzira. Amaika mwala, n'kuuchotsa, n'kuyang'ana pomwe fumbi lapanikizika, n'kugogoda pamenepo, n'kuubwezeranso. Kenako kuchotsanso. Kangati? Mpaka utakhala. Taganizirani kuti mbali imene inadya thukuta lochuluka chotere ndi imene palibe munthu adzaione, chifukwa mwala ukangokhala pamalo pake, nkhope imeneyo yatsekeka mpaka kalekale. Ine ndimalemekeza amisiriwa pa chifukwa chimenechi kuposa china chilichonse.

Alendo ambiri amakhotera ku msewu wa Hatun Rumiyoc kukajambulitsa pa mwala wotchuka wa ngodya khumi ndi ziwiri, umene uli m'chipupa cha nyumba ya bishopu wamkulu. Ndi wodabwitsadi. Koma mwala umenewo umadzionetsera, pomwe wa ku Loreto ndi ku Qorikancha ngwofatsa, ndipo kwa ine luso lofatsalo ndilo lakuya.

Kanjira kaja kakatha, mumadutsa Pampa del Castillo n'kutulukira pa tchalitchi cha Santo Domingo. Pansi pake ndi m'kati mwake ndimo muli Qorikancha, mpanda wa golide, kachisi wa Inti, mulungu dzuwa, amene mfumu Pachacuti anamumanganso m'zaka za m'ma 1400. Zipupa zake zina zinali zokutidwa ndi golide wosulidwa mopyapyala. Mu 1533 golideyo anamukanganula kukawombolera mfumu Atahualpa, yemwe Asipanishi anamuphabe atalandira dipolo. Malowo anagwera m'manja mwa Juan Pizarro, ndipo pambuyo pake anapita kwa ansembe a chipani cha Dominiko Woyera, amene anamangapo tchalitchi ndi nyumba yawo.

Golide anapita, koma chimene chinali kuseri kwake ndi chimene chimaimitsa anthu lero. Kuno nkhope za miyala si zotukumuka ngati ku Loreto. N'zosalala see, ndipo mizere yolumikizira ndi yopyapyala ngati ulusi. Zitseko, mazenera ndi timphako tam'chipupa zonse n'zotambalala pansi, zopanikizika pamwamba. Pali malo amene munthu akaima n'kusuzumira pa zenera limodzi, maso amapyola mazenera a zipinda zotsatizana, onse pa msinkhu umodzi. Ndipo kunja, moyang'ana munda wa kumunsi, kuli chipupa chokhota, chotalika pafupifupi mamita asanu ndi limodzi, chimene chasenza mutu wa tchalitchi. Chimakhota, chikupendekeranso m'kati nthawi yomweyo. Ndiye kuti mwala uliwonse unayenera kusemedwa mokhota chammbali ndi mopendeka chammwamba, mogwirizana ndi anzake onse ouzungulira. Mwala wa pamenepo sungakhale pena paliponse.

Chipupa chimenechi chinayesedwa. Pa 31 Malichi 1650 chivomezi chinagwetsa nyumba zambiri za Asipanishi mu Cusco, ndipo Santo Domingo anaonongeka kwambiri. Pa 21 Meyi 1950 dziko linagwedezekanso, tchalitchicho n'kung'ambikanso. Chipupa chokhota chija chinatsala chili chiimire, ndipo pokonza zogumukazo zipinda za Inca zomwe zinabisika kuseri kwa pulasitala zinaonekera poyera. Chifukwa chake n'chomveka: chipupa chopendekera m'kati, cha miyala yogonana mokolana, chimagwedezeka pamodzi ndi nthaka, miyala n'kubwerera m'zisa zake.

Tisaiwale kuti ntchitoyi inali ya lamulo. Midzi inkatumiza amuna mosinthana kukagwirira boma, dongosolo lotchedwa mit'a, msonkho wolipira ndi thukuta. Ena anasiya minda yawo kutali kudzakoka miyala ndi zingwe. Timadziwa dzina la mfumu imene inalamula, la msilikali amene analanda, ndi la wojambula mbira uja. La munthu amene anagogoda mphepete mwa miyala ya chipupa chokhota silinalembedwe paliponse. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mwa onsewo iye ndiye anagwira ntchito imene yakhalitsa.

Choncho inu amene mudzafike ku Cusco, musadutse Loreto ngati njira yachidule yopitira kogula matikiti. Imani pa mwala umodzi, uliwonse, musaugwire, ndipo mutsate ndi maso timaenje tija kuchokera pakati mpaka kumphepete, pomwe timacheperachepera n'kutha.